Azakhali ndi Madzi Odwala Mtima

Azakhali anga atsuka magalasi a mulabotale ya chipatala chachikulu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo aswa atatu okha. Awiri mwa atatuwo amawakana mpaka lero. Amati anali osweka kale mumtima, iwo anangowathandiza kuulula.

Ntchitoyi sanachite kuifuna. Anafika pachipatalapo ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, amuna awo atangogwa pamalo odikirira basi, mtima utaima osatsanzika. Anawapatsa chikolopa ndi makonde awiri aatali. Tsiku lina bambo amene ankatsuka magalasi anadwala, ndipo wina anati, "Mayi, tagwirirani sinkiyi sabata imodzi yokha." Sabata imeneyo sinathebe.

Kachipinda kawo kali kumapeto kwa khonde, kupitirira firiji yosungira magazi. Muli masinki awiri akuya, thabwa la zikhomo pomwe magalasi amapachikidwa chozondoka, uvuni youmitsira imene chitseko chake chimafuna bondo kuti chitsekeke, ndi chigubu cha madzi otcheza. Zenera ndi limodzi, loyang'ana pomwe madokotala amaimika magalimoto, moti azakhali amadziwa amene wachedwa ndi amene wabwera ndi munthu wosakhala mkazi wake. Pansi pa sinki yakumanzere pamakhala ndowa yamalata. Nthawi ya nkhomaliro amathiramo madzi ofunda, n'kukhala pampando wopanda choyedzamira, n'kuviika mapazi. Ola limenelo ngakhale a Pulofesa, amene ndi mkulu wa labotale yonse, amayamba agogoda.

Anthu amawatcha Mayi Tsukuluza, ndipo dzinalo silinagwe kumwamba. Galasi lililonse akalitsuka ndi sopo amalitsukuluza kasanu ndi kawiri ndi madzi otcheza. Sawerenga ndi manambala, amati manambala amathawa munthu akakulankhulitsa. Amawerenga ndi abale awo, poti m'mimba mwa amayi awo munatuluka ana asanu ndi awiri. Koyamba ndi achemwali aakulu, amakhutchumula mwaulemu. Kachiwiri ndi achimwene a kumigodi. Kachitatu ndi malemu, pamenepo salankhula ndi munthu. Kachinayi ndi iwo eni, amangodutsapo. Kachisanu ndi bambo anga, ndipo apa galasi limaona zakuda, chifukwa akuti bambo ali mwana ankabisa litsiro kuseri kwa makutu. Kawiri komaliza ndi mapasa, motsatizana, kuti wina asadandaule.

Ine ndinabwerera kuchokera kunja nditakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Ndinabwera ndi masutikesi awiri, ndipo imodzi sindinaimasule dala, kuti aliyense, makamaka ine mwini, adziwe kuti ndikungodutsa. Zonse zinkandichedwera: mabasi, anthu poyenda, moni amene amayamba ndi iwe n'kukathera kwa mbuzi za agogo ako. Ndinkagona kwa amayi, m'chipinda changa chakale, mapazi akutulukira kunja kwa bedi.

Ntchito imene ndinabwerera inali ya zinki. Ndi kachitsulo kamene kali m'thupi mwa munthu aliyense, kochepa moti sungakaone, koma akatswiri akhala akuona kuti kakamachepa kapena kusokonekera m'magazi ndi m'mitsempha, nthawi zambiri matenda a mtima sakhala patali. Vuto ndi kukapeza. Ndiye pali mankhwala amene ukawadontheza m'kachubu, akakumana ndi zinki amaigwira, ndipo ukawaunika mumdima ndi nyali yapadera amawala mobiriwira. Zinki ikachuluka, kuwalanso kumachuluka. Sitinafike pouza wodwala kuti mtima wanu uli chonchi. Tinkangofuna kuona ngati njirayi ingadaliridwe. Odwala makumi anayi anali atapereka kale magazi awo, ndipo magaziwo anali kudikira mufiriji muja.

Nditawafotokozera azakhali zonsezi, anapukuta manja pa epuloni.

"Ndiye zaka zisanu ndi zinayi," anatero, "unakaphunzira kugwira ziphaniphani?"

Kuyambira tsiku limenelo labotale yonse inkatcha mankhwala anga chiphaniphani, mpaka a Pulofesa anayamba kulemba choncho patimapepala.

Tsiku lomwelo ndinawapempha chinthu chimodzi. Ndinatseka chitseko cha kachipinda kawo, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Azakhali, pano pantchito anthu asadziwe kuti ndife pachibale. Kunja sitisakaniza chibale ndi ntchito."

"Kunja anthu amabadwa okha?"

"Ayi, koma zimathandiza kuti zinthu ziziyenda mwachilungamo."

"Chabwino, Adokotala," anatero, n'kupinda bondo pang'ono. M'moyo wanga sindinaonepo ulemu wolasa ngati umene uja.

Sabata yachiwiri ndinamata pepala la malamulo pachitseko cha labotale, monga tinkachitira kumene ndinaphunzira. Osadyera muno. Osalowetsa ziwiya za kunyumba. Osavala maduku, zipewa, kapena nsalu zina zosakhala yunifolomu. Azakhali, amene sindinawaonepo pantchito opanda duku, anaima pachitsekopo n'kuwerenga mzere uliwonse ndi chala. Atamaliza anamasula dukulo, n'kulimanganso molimba kuposa poyamba.

Mavuto anayamba mwezi wachitatu. Pa kuyesa kulikonse timaika kachubu kamodzi ka umboni: madzi otcheza okhaokha ndi dontho la chiphaniphani, mopanda magazi. Kameneko kayenera kukhala bii mumdima. Kakawala, ndiye kuti zinki yalowa kuchokera kwina, ndipo zonse zimene wayesa tsiku limenelo n'zotaya. M'mawa wina ndinalowa m'kachipinda kamdima, kamene kale kanali kosungiramo mabokosi, ndili ndi a Wayilesi, bambo wa imvi amene amayendetsa makina athu ndiponso nkhani zonse za m'chipatala. Ndinayatsa nyali ija. Kachubu ka umboni kanawala ngati diso la mphaka.

A Wayilesi anavula magalasi awo a m'maso, n'kuwavalanso.

"Adokotala," anatero, "madziwa muwaitanire abale awo. Sachedwa kutisiya awa."

Pofika masana chipatala chonse chinali chitamva kuti kulabotale apeza madzi odwala mtima. Anamwino ankandipatsa moni n'kufunsa kuti odwala aja agona bwanji. Wa kukantini anandifunsa ngati madzi a tiyi awathire kaye mankhwala a magazi.

Ndinasintha madzi. Anawala. Ndinasintha magolovesi, poti ena amapangidwa ndi zinki. Anawala. Ndinasungunula chiphaniphani chatsopano. Tsiku lina kuwala kunkachepa, ine n'kuyamba kuimba mluzu, m'mawa mwake n'kubwereranso mwamphamvu. Ndinkakhala pathebulo lakuda la mulabotale, nditaweramira timachubu tanga totsegula, ndikukanda m'mutu, ndikutukwana chamumtima fumbi, mapaipi, nyengo, ndi tsiku limene ndinakwera ndege yobwerera.

Lolemba lina a Pulofesa anandiitana. Ndi munthu wamfupi, wodekha, wadazi lonyezimira kuyambira pamphumi mpaka pankhongo. Nditangofika kumene, iwo ndi amene anauza anthu kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tsopano ankandiyang'ana ngati akufuna aone kalumoko.

"Magazi a anthu makumi anayi aja sitingawagwiritse ntchito kawiri," anatero. "Sitiwakhudza mpaka madzi anu achire. Pofika Lachisanu ndikufuna lipoti: zinkiyi ikuchokera kuti, ndipo tichite chiyani."

Ndinatuluka mutu uli waukulu. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo podutsa pakachipinda ka azakhali ndinaona chitseko chili pang'ono. Anali atakhala pampando wawo, maso ali chitsinzinire, mapazi ali mundowa. Ndinaima. Ndowa yamalata. Mwana aliyense wa sayansi amadziwa kuti malata amakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Mtima wanga unavina. Sindinagogode n'komwe.

"Mayi, ndowa iyi yakhala muno nthawi yaitali bwanji?"

Anatsegula diso limodzi. "Chitseko chatsekedwa?"

Ndinatseka.

"Ndiye ndine azakhali ako. Bambo ako aakazi. Funsanso."

"Azakhali, ndowayi ndi imene ikuwononga ntchito yanga."

"Ndowa iyi galasi silinalowemo. Mumalowa mapazi anga, ndipo kale munkalowa iwe."

"Manja anu amagwira ndowa, kenako n'kukagwira magalasi."

"Ndiye ukuona ngati pakati pamenepo ndilibe sopo? Iwe, ine ndinayamba kutsuka magalasi awa amayi ako asanavomere n'komwe bambo ako."

"Si nkhani ya zaka. Ndi nkhani ya sayansi. Zinki yake ndi yochepa moti maso sangaione."

"Nanga iwe waiona bwanji?"

 Ndinadikira kuti atulutse mapazi, ndinataya madziwo musinki, n'kunyamula ndowayo kudutsa nayo khonde lonse, ndili mu jasi langa loyera, n'kukaikiyira muofesi mwanga.

Madzulo omwewo ndinalemba lipoti. Linali lipoti lokongola, la masamba atatu. Ndinati zinki ikuchokera kotsukira magalasi, kumene njira zake n'zachikale ndipo sizigwirizana ndi ntchito yamakono. Ndinati tiyambe kugwiritsa ntchito timachubu tapulasitiki totaya tikatha ntchito, ndipo wotsuka magalasi apatsidwe ntchito ina. Sindinalembe kuti ntchito yanji. Pachipatala paja, mayi wa msinkhu wawo wopanda satifiketi, ntchito ina ndi imodzi yokha: chikolopa ndi makonde awiri aatali. A Pulofesa anawerenga, anapuma mozama, n'kunena kuti Lachisanu adzabwera kudzaona okha. Madzi akadzakhala bii ndowa itachoka, adzasaina.

A Wayilesi nkhaniyo anaifikitsa kwa azakhali inki isanaume.

Lachitatu ndinamasula sutikesi yachiwiri ija kwa nthawi yoyamba, chifukwa pansi pake panali paketi ya timachubu tapulasitiki tochokera kunja, tosatsegula, tosakhudzidwa ndi dzanja la munthu wa kuno. Ndinatsekera aliyense kunja, ndinathira madzi ndekha, ndinadontheza chiphaniphani ndekha, ndinakhala pansi kudikira mphindi khumi zimene mankhwalawo amafuna, kenako ndinalowa mumdima.

Anawala.

Apa ndi pamene ndiyenera kunena zoona. Sindinapite kwa a Pulofesa. Ndinadziuza kuti zinki ya ndowa ija yatsalira m'mashelefu, mumpweya, penapake, ndipo pofika Lachisanu ikhala itatha. Munthu akaphunzira kwambiri mabodza ake amakhala ndi mitu ndi timitu.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, azakhali anabwera kunyumba kudzaona alamu awo, amayi anga. Anandipatsa moni ngati palibe chachitika. Anamwa tiyi, anadandaula za mawondo, anakambirana ndi amayi za mwana wa aneba amene akukwatira mwamsangamsanga. Kenako anapempha kulowa kubafa, ndipo anakhalitsako moti amayi anakagogoda kufunsa ngati ali bwino.

Kubafa kuja, pawindo, pamakhala botolo langa la shampu. Chaka changa choyamba kunja, kuzizira kunandiumitsa khungu la m'mutu ndipo ndinayamba mfundu, yoyoyoka ngati ufa. Mnzanga wina anandionetsa shampu ameneyu, ndipo pobwerera ndinagula mabotolo asanu ndi limodzi, poti sindinkakhulupirira kuti kuno kungapezeke chinthu chothandiza mutu ngati wanga. Ndinkasamba naye m'mawa uliwonse. Amayi ndinawaletsa kumukhudza.

Lachinayi m'mawa azakhali anandipeza pathebulo lakuda lija. Munalibe wina aliyense. Anaika patsogolo panga timachubu tinayi tagalasi, touma, tovundikira ndi pepala lonyezimira.

"Adokotala, mawa ndikubwerera kumakonde. Miyezi yonseyi ndatsukira chiphaniphani chanu koma sindinachionepo chikuwala. Simungandionetseko kamodzi?"

Ndinachita manyazi kukana. Nditatambasula dzanja, iwo anatulutsa m'thumba la epuloni duku lina, lamaluwa ofiira, losita bwino.

"Werama."

"Azakhali, malamulo aja..."

"Mawa ndikuchoka. Lero lokha ndimvere. Werama."

Anandimanga dukulo molimba moti nsidze zinakwera. Ndinasamba m'manja iwo akuyang'ana, ndinavala magolovesi, ndinathira madzi ndi chiphaniphani m'timachubu tiwiri, iwo n'kutivundikira nthawi yomweyo. Kenako anandimasula dukulo, analipinda, n'kukankhira patsogolo panga timachubu tiwiri totsalato.

"Awa uchite mmene umachitira masiku onse."

Ndinathira, ndinadontheza, ndinakhala pansi kudikira mphindi khumi zija, timachubu tili kukamwa yasaa pansi pa chibwano changa. Azakhali anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Kodi mtsikana uja wa kunja, wa tsitsi lalifupi pachithunzi chija cha m'chipinda chako, amakulemberabe?"

"Nthawi zina."

"Ndiye akubwera kuno, kapena ukupita ndiwe?"

"Ndi nkhani yovuta, azakhali."

"Amayi ako akuti usiku umayendayenda m'chipinda ngati nkhuku yofuna poikira. Akuti ukufunsiranso ntchito kunja. N'zoona? Uwasiyanso okha?"

"Sindinaganize bwinobwino."

"Nanga zaka zako zikudikira kuti uganize? Anzako amene unkasewera nawo ana awo ali kusekondale."

Anapitiriza choncho, funso pamwamba pa funso, mwachifatse, ngati munthu wothira mchere pang'onopang'ono. Mphindi khumi zitakwana anati, "Basi, tsitsa dzanja." Ndi pamene ndinazindikira kuti dzanja langa lili m'mutu, ndipo lakhalamo nthawi yonseyi.

M'kachipinda kamdima tinapanikizana awiri, phewa ndi phewa. Ndinayatsa nyali. Timachubu tiwiri ta duku tinali bii, ngati mulibe kanthu. Tiwiri tinato tinkawala mobiriwira, mokongola, moti nkhope ya azakhali inkaoneka.

"Eee," anatero chapansipansi. "Koma n'chokongoladi."

Anapitiriza kuyang'ana, ndipo ndinaganiza kuti aiwala chimene tabwerera. Kenako ndinamva akufufuza m'chikwama. Anayatsa getsi, n'kuika pashelefu botolo langa la shampu, kumbuyo kwake kukuyang'ana ine, chala chawo chili pansi pa liwu limodzi pakati pa timalemba ting'onoting'ono.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero, "koma liwu ili ndalichotsa pamabotolo ako ndi bulashi kwa miyezi itatu. Ndimalidziwa ngati nkhope ya mwini nyumba."

Linalidi pamenepo. Mankhwala a mfundu a mu shampu uja ndi a zinki. Ndinkawadziwa ngakhale dzina lake lonse, ndinalembapo mayeso. M'mawa uliwonse ndinkadzipaka zinki m'mutu, n'kubwera nayo kuntchito, n'kuigwedezera m'timachubu tanga ndi zala zanga zisanu, ndikutukwana mapaipi.

"Munadziwa bwanji?"

"Thebulo ili ndi lakuda, ndipo amalipukuta ndani? Pamalo a a Wayilesi ndimapeza tizidutswa ta fodya. Pamalo pako ndimapeza ufa. Tsiku limene a Pulofesa akukalipira, ufa umachuluka, ndipo madzulo ake ndimamva kuti madzi adwalika. Tsiku limene walandira kalata ya mtsikana uja, thebulo limakhala loyera, iwe n'kumaimba mluzu. Ukuona ngati duku ili ndimamangira kukongola? Amene anandisiyira sinki anandiuza tsiku loyamba kuti, mayi, mutu wa munthu umagwetsa zinthu ngati mtengo."

Ndinakhala pabokosi. Ndinkafuna kukanda m'mutu koma ndinachita mantha.

"Mukawauza a Pulofesa?"

"Ine? Ayi. Mwana sumuvula pagulu, ngakhale atamera ndevu. Makonde ndimawadziwa, chikolopa sichiluma. Mawondo adzalira, koma amalira kale." Anabweza botolo lija m'chikwama, kenako anasintha maganizo n'kundipatsa. "Chimene chikundiwawa ndi pepala lija. Ndidzapuma ntchito, ndidzafa, pepala lidzakhalabe mufayilo, likunena kuti mayi uja ankatsuka mwauve. Basi. Tsegula chitseko, muno mukununkha shampu."

Ndiyenera kunenanso zoona kachiwiri, ndipo apa m'povuta kuposa poyamba paja. Pofika madzulo ndinali nditaona njira. Ndikanangovala kachipewa kapepala ka madokotala a opaleshoni, madzi akanakhala bii. Ndowa inali itachoka kale. A Pulofesa akanaona zimene ndinawalonjeza, lipoti langa likanakhala loona, ndipo palibe akanadziwa kupatula mayi mmodzi amene wandilonjeza kuti sanena. Njira inayo inali yoti ndikhale munthu amene anawoloka nyanja kukaphunzira zaka zisanu ndi zinayi n'kubwera kudzadwalitsa madzi ndi mfundu. Ndipo a Wayilesi anali moyo.

Lachisanu ndinavala kachipewa kapepala.

M'kachipinda kamdima tinalowa atatu: a Pulofesa, a Wayilesi ndi ine. Ndinali nditakonza timachubu tiwiri ta umboni. Ndinayatsa nyali. Bii.

"Aa, achira," anatero a Wayilesi. "Ambuye alemekezeke. Tiwatulutse mawa."

"Ndiye inalidi ndowa," anatero a Pulofesa, mawu awo ali olemera. Anatsegula chitseko kuti aone polemba, anatsamiritsa lipoti langa pakhoma, n'kuyamba kufufuza cholembera m'matumba.

Chitseko chitatseguka ndinaona khonde lonse mpaka kumapeto. Azakhali anali kumeneko. Sanadikire kuuzidwa. Anali atavula epuloni yawo yapulasitiki ya pasinki, atatenga chikolopa ndi chidebe cha chipatala, ndipo anali atayamba kale kuchokera pakona, pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, monga ankachitira ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Sanayang'ane kumene tinali. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti anasankha kona imeneyo dala, chifukwa ndi yokhayo imene imaoneka kuchokera m'kachipinda kamdima. Iwo amakana.

"A Pulofesa," ndinatero, "musanasaine, pali kuyesa kwina kumodzi."

Ndinavula kachipewa kaja. Ndinavundukula kachubu kamodzi, ndinaweramirapo, ndipo pamaso pa mkulu wa labotale ndi pamaso pa wayilesi ya chipatala chonse, ndinakanda m'mutu ndi manja awiri, ngati galu wa utitiri.  Ndinagwedeza kachubuko, tinadikira pang'ono, ndinatseka chitseko, n'kuyatsa nyali.

Kanawala kuposa masiku onse.

Mumdimamo ndinafotokoza za kuzizira kwa kunja, za mfundu, za mabotolo asanu ndi limodzi. Ndinamva phokoso lachilendo, ngati tayala likuphwa. Anali a Wayilesi, atadziluma dzanja. A Pulofesa anayatsa getsi. Anandiyang'ana, anayang'ana kachubu, kenako anakweza dzanja n'kusisita dazi lawo mwachikondi, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Zaka makumi atatu," anatero, "ndakhala ndikudabwa chifukwa chake zoyesa zanga zimatuluka bwino chonchi."

"Si ine ndinazipeza," ndinatero. "Ndi Mayi Tsukuluza. Ndipo pali chinanso chimene ndinakubisirani. Mayi aja ndi azakhali anga, alongo awo a bambo anga."

A Pulofesa ndi a Wayilesi anayang'anana.

"Adokotala," anatero a Wayilesi, akupukuta misozi, "munatsegulapo kabati ya sopo m'kachipinda kawo?"

Sindinali nditatsegulapo. Anandiperekeza onse awiri. Kuseri kwa chitseko cha kabatiyo kunali zithunzi ziwiri zomata ndi pulasitala wa mabala. China ndili mu mkanjo wa tsiku lomaliza maphunziro, chipale chofewa chili kumbuyo. China ndili ndi zaka ziwiri, ndili chiimire mundowa yamalata, ndilibe ngakhale ulusi pathupi, ndikulira.

"Tinakudziwani kalekale," anatero a Pulofesa. "Mbali zonse."

Anang'amba lipoti lija pawiri n'kundipatsa kuti ndikataye ndekha. Kenako anatuluka pakhonde n'kuitana, "Mayi, siyani chikolopacho, magalasi akudikira."

"Ndimalize kaye mzerewu," anayankha azakhali osatembenuka. "Sindisiya ntchito pakati." Ndipo anatiimika atatufe pamenepo mpaka anafika pamapazi athu, n'kutiuza kuti tinyamule miyendo.

Ndowa ndinaibweza ndekha masana omwewo, kudutsa khonde lomwe lija, anamwino ataima m'zitseko. Mmodzi anafunsa ngati ndikukasamba. Pepala la malamulo ndinalisintha mzere wachitatu, ndipo tsopano umati aliyense wolowa muno avale kumutu. A Pulofesa analembapo ndi cholembera kuti kupatula amene Mulungu anawakonzeratu. Loweruka amayi anandiperekeza kokameta ngati mwana, ndipo azakhali ataona mpala wanga Lolemba anati mlendo uja kalumo kake kapezeka.

Magazi a anthu makumi anayi aja tinawayesa mwezi wotsatira, kachubu ka umboni kali bii tsiku lililonse. Zimene tinapeza si zogwedeza dziko, koma n'zoona, ndipo zatipatsa chifukwa choyesera anthu ena mazana awiri. Azakhali amafunsa sabata iliyonse kuti chiphaniphani chidzayamba liti kuuza munthu za mtima wake asanagwe pamalo odikirira basi. Ndimati zitenga zaka. Amati ndifulumire, ndipo pamenepo saseka.

Sutikesi ija ndinaibweza pamwamba pa kabati, yopanda kanthu, ngakhale makalata ofunsira ntchito kunja sindinasiye kulemba. Tsiku lina ndikudutsa pakachipinda kawo ndinaima kuwaonerera akutsukuluza galasi. Achemwali aakulu. Achimwene a kumigodi. Malemu. Iwo eni. Bambo anga, mwamphamvu. Mapasa. Ndinayembekeza kuti alipachika pathabwa, koma anathiramonso madzi, anatseka kukamwa kwake ndi chikhatho, n'kulikhutchumula moti ndinaopa kuti likhala lachinayi kusweka.

"Azakhali, amenewo ndi ndani? Si munabadwa asanu ndi awiri?"

"Pita ukagwire ntchito, Adokotala," anatero. "Ndipo chipewa chapendekeka."